KACITINI KA MOTO: MBIRI YA KOILO NDI MAGALIMOTO AKALE A M'MAKOMBONI A LUSAKA

Anzanga acinyamata, mukatsegula boneti ya galimoto yakale, monga Peugeot 404, Datsun 120Y kapena Land Rover ya masiku aja, mudzaona kacitini komangidwa pambali pa injini. Kali ndi mawaya awiri aang'ono m'mbali mwake ndi waya mmodzi wonenepa wotuluka pamutu pake. Dzina lake ndi koilo. Sikazungulira, sikapanga phokoso, ndipo mkati mwake mulibe ciliconse coyenda. Koma kacitini kameneka kakafa, galimoto yonse yafa, ngakhale thanki ikhale yodzaza petulo ndi batire ikhale yatsopano.

Kwa zaka zambiri amai a ku Chawama opita ku msika m'mamawa, odwala a ku George ofuna kufika ku UTH usiku, ndi antchito a ku Kanyama othamangira nchito anadalira kacitini kameneka osadziwa ngakhale dzina lake. Ndipo kwa zaka zambirinso eni magalimoto akhala akufunsa amakanika funso limodzi lomweli: kodi ndikagula koilo yamphamvu, motoka yanga yokalambayi idzathamanga ngati yatsopano? Ena a inu mukuphunzira umakanika, ena mukusunga ndalama kuti mudzagule kagalimoto kanu koyamba. Funsoli lidzakufikani. Kuti tiliyankhe bwino tiyenera kuyambira kutali.

Wansembe ndi waya wamkuwa

M'caka ca 1831 Michael Faraday wa ku England anapeza kuti mphamvu ya maginito ikasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa magetsi. Patapita zaka zisanu, mu 1836, Bambo Nicholas Callan, wansembe wa ku Ireland amene anali kuphunzitsa sayansi pa koleji ya Maynooth, anatenga citsulo nakulungapo mawaya awiri amkuwa: wina wonenepa ndi wamfupi, wina woonda ndi wautali kwambiri. Analumikiza waya wonenepayo ku batire. Anaona kuti nthawi iliyonse akadula magetsi mwadzidzidzi, ku waya woondayo kunali kutuluka magetsi aukali kuposa a batire lija kutalitali. Imeneyo ndiyo koilo yoyamba. Popeza zipangizo zoyezera magetsi zinali zosowa, Bambo Callan anali kuyesa ukali wa koilo yao pa ophunzira ao a m'seminale, amene anali kugwira mawaya n'kumva kunjenjemera m'thupi. Inu musadzayese zotere pa mng'ono wanu.

Dzina la wansembeyu linaiwalika kwa nthawi yaitali, cifukwa amene anachuka ndi Heinrich Ruhmkorff, mmisiri wa ku Germany wokhala ku Paris, amene anakonza bwino cipangizoci mu 1851 nayamba kucigulitsa. Étienne Lenoir anagwiritsa nchito koilo yotere kuyatsira injini yake ya gasi mu 1860, ndipo galimoto ya miyendo itatu ya Karl Benz ya mu 1886 inalinso ndi koilo ndi batire. Bvuto linali batire. Masiku amenewo galimoto inalibe njira yodzazira batire poyenda, conco likatha mphamvu ulendo unali kuthera pomwepo.

Cifukwa ca ici ambiri anatembenukira ku magineto, cipangizo copanga cokha magetsi injini ikamazungulira. Kampani ya Robert Bosch ya ku Stuttgart ndiyo inatsogola, makamaka kucokera mu 1902 pamene mmisiri wake Gottlob Honold anapanga magineto ya magetsi aukali yoyendera limodzi ndi pulagi. Ford Model T, imene inayamba kupangidwa mu 1908, inali ndi makoilo anai m'timabokosi ta matabwa, imodzi pa silinda iliyonse.

Amene anabweretsa njira imene inadzafika m'makomboni mwathu ndi Charles Kettering wa ku Dayton, m'dziko la America, amene poyamba anali mphunzitsi wa kumudzi. Iye ndi anzake anayambitsa kampani ya Delco mu 1909, ndipo mu 1910 magalimoto a Cadillac anayamba kutuluka ndi njira yake yoyatsira: koilo imodzi, mapointi, kondensa ndi distribyuta. Mu 1912 anaonjezapo sitata yamagetsi, ndipo pang'ono ndi pang'ono anthu analeka kupukusa injini ndi dzanja. Njira ya Kettering inalamulira magalimoto a petulo kwa zaka zoposa 60.

Mmene moto umabadwira

Pano tiyeni tifatse, cifukwa amene samvetsa gawo lino ndiye amataya ndalama.

Mkati mwa kacitini muja muli zomwe zija za Bambo Callan. Pakati pali citsulo. Pamenepo pakulungidwa waya woonda ngati tsitsi maulendo pafupifupi 20,000, ndi waya wonenepa maulendo pafupifupi 200. Zonsezi zamizidwa m'mafuta kapena m'phula kuti zisagundane ndiponso kuti kutentha kutuluke. Mukatembenuza kiyi, magetsi a mavoti 12 amacoka ku batire, amapita mu waya wonenepa, n'kukadutsa pa mapointi mkati mwa distribyuta. Mapointi ndi timilomo tiwiri tacitsulo totseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira. Tikatsekeka, magetsi amayenda ndipo citsulo cija cimasanduka maginito. Tikatseguka, magetsi amaduka, maginito amagwa mwadzidzidzi, ndipo mu waya wonenepa mumabadwa mavoti 200 kapena 300. Popeza waya woonda wakulungidwa kuculuka ka 100, kumeneko mavoti amafika 20,000 kapena kuposa. Amenewa ndiwo amatuluka pamutu pa koilo, amalowa mu distribyuta, rota imawalozera ku pulagi yoyenera, ndipo amalumpha kampata ka kunsonga kwa pulagi ngati kamphezi. Petulo wosakanizana ndi mpweya amayaka, pisitoni imakankhidwa, galimoto imayenda.

Taonani codabwitsa: moto subadwa pamene magetsi alowa, koma pamene adulidwa. Kondensa, kanthu kakang'ono ngati cala, nchito yake ndi kuthandiza kuti kudukako kukhale kwacangu ndi kuti mapointi asapse. Mu injini ya masilinda anai yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi, zonsezi zimacitika ka 100 pa sekondi iliyonse. Tangoganizani kuti ndi kangati pa ulendo wocoka ku Mtendere kufika m'tauni.

Mzinda ukula, mabasi acepa

Lusaka anakhala likulu mu 1935, koma azungu amene anaujambula sanaganizire kwenikweni za kumene anthu akuda adzakhala ndi mabanja ao. Matero anamangidwa ndi akhonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Makomboni ena anamera okha pa mapulazi ndi pa malo ofukulapo miyala ndi kuumbirapo njerwa. George anatenga dzina la George Hadjipetrou, mwini malowo, ndipo Chawama poyamba anali kuchedwa Roberts. Kalingalinga ndi mmodzi wa makomboni akale kwambiri a kum'mawa kwa mzinda, pamene Mtendere anatsegulidwa ndi boma mu 1967. Ufulu utabwera mu 1964 malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu anakhamukira kuno. Mu 1969 mu Lusaka munali anthu oposa 260,000, ndipo pofika 1980 anali atapitirira 530,000.

Anthu onsewa anafunika kuyenda. Boma linatenga kampani ya mabasi ya Central African Road Services n'kupanga United Bus Company of Zambia, UBZ ija agogo anu amaikumbuka. Koma mabasi a UBZ sanakwane, ndipo ambiri anali kugona m'garaja kudikira masipeya. Mpata umenewu unadzazidwa ndi magalimoto a anthu wamba: matekisi a cilolezo, matekisi a paireti, maveni ndi mabokosibode onyamula makala, ndiwo ndi maliro. Pafupifupi onse anali a petulo, ndipo onse anali ndi koilo ndi mapointi.

Magalimotowo anali a mitundu yosiyana-siyana, ndipo mfundo imeneyi muisunge. A ku Britain, monga Land Rover, Morris ndi Austin, anali ndi zamagetsi za kampani ya Lucas ya ku Birmingham. A Peugeot anali kubwera ndi za ku France, monga Ducellier. Peugeot 404 inakondedwa mu Africa monse cifukwa ca kulimba kwake pa miseu yoipa, ndipo inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Kucokera mu 1972 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, ya boma ndi kampani ya Fiat, inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat m'dziko mwathu momwe muno, okhala ndi zamagetsi za Magneti Marelli za ku Italy. Kenaka kunabwera a ku Japan, Datsun ndi Toyota, ndi zipangizo za Hitachi ndi Nippondenso. Volkswagen ndi Mercedes anali ndi za Bosch. Makoilo onsewa kunja amaoneka ofanana. Mkati ndi osiyana.

Zaka za kusowa

Mabvuto a oyendetsa galimoto mu Zambia anayamba msanga. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa cipanduko pa 11 November 1965, njira ya mafuta yodzera ku Rhodesia inatsekeka. Petulo anayamba kugawidwa ndi makuponi, wina anabwera pa ndege, wina m'migolo pa malole odutsa mseu woopsa wa ku Dar es Salaam umene anthu anaucha Hell Run. Paipi ya TAZAMA itatha mu 1968 zinthu zinayamba kupepuka, ndipo mu 1973 fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa ku Ndola. Koma m'caka comweco malire a Rhodesia anatsekedwa, mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa.

Mkuwa ndiwo unali kubweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja. Utagwa, munthu wofuna kuitanitsa katundu anayenera kudikira cilolezo ndi ndalama zakunja kwa miyezi. Fakitale ya ku Livingstone inacepetsa nchito cifukwa cosowa ndalama zogulira zigawo ku Italy. M'masitolo a masipeya mashelefu anayera. Boma litayamba kugulitsa madola pa okushoni mu October 1985, dola imene inali pa makwaca awiri ndi pang'ono inafika pa K5 sabata loyamba, ndipo pofika April 1987 inali itakwera mpaka K21. Kanthu kalikonse kocokera kunja, ngakhale kondensa, kanasanduka cuma.

Pali cinthu cowawa pamenepa. Koilo ndi waya wamkuwa cabe wokulungidwa pa citsulo. Dziko lathu linali limodzi mwa maiko otulutsa mkuwa wambiri pa dziko lapansi, migodi inali m'manja mwa boma kucokera pa cilengezo ca Pulezidenti Kaunda ca ku Matero mu August 1969, ndipo ku Luanshya fakitale ya ZAMEFA inali kupanga mawaya. Komabe mwini tekisi wa ku Matero komweko anali kuyendayenda m'tauni kufunafuna kacitini ka mkuwa kopangidwa ku Birmingham kapena ku Stuttgart.

Ndi m'zaka zimenezi mmene umakanika wa pansi pa mtengo unakula. Galimoto ikafa sinali kutayidwa. Inali kukhala pa njerwa pabwalo n'kumadyedwa pang'ono-pang'ono ndi zinzake zamoyo. Mapointi opsa anali kupalidwa ndi fayilo kapena sandipepa n'kubwezedwa. Wopanda geji anali kuyeza mpata wake ndi kakatoni kopyapyala, kufunafuna pafupifupi mamilimita 0.4. Mapulagi anali kutsukidwa ndi kupalidwa kambirimbiri. Koilo ikatentha panjira, dalaivala anali kuikulunga nsanza yonyowa n'kudikira kuti izizire. Ndipo nyengo ya mvula inali ndi zake. Kanyama ali pa cidikha ca miyala ya laimu pamene madzi sapita msanga, monga anthu anaonera pa cigumula ca mu 1978. Galimoto ya mapointi ikalowa m'cithaphwi, madzi pang'ono cabe pa kapu ya distribyuta kapena pamutu pa koilo anali okwana kuti moto usocere, injini n'kuzima pakati pa madzi. Dalaivala aliyense wa nzeru anali kuyenda ndi kansalu kouma.

Amisiri amenewa tiyenera kuwapatsa ulemu. Ambiri sanafike ku Lusaka Trades kapena ku NORTEC ya ku Ndola. Anayamba ngati anyamata opatsira sipanala, koma anasunga mzinda wonse pa mseu kwa zaka pafupifupi 20. Komabe kusowa kunawaphunzitsanso cizolowezi cimodzi cimene cinaononga zambiri: kukhulupirira kuti koilo ndi koilo, ya Fiat ingalowe pa Datsun, ya Datsun pa Land Rover.

Nkhani ya koilo yamphamvu

Makoilo a nthawi ya mapointi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba waya wake wonenepa uli ndi ma-ohm pafupifupi atatu, ndipo limalandira mavoti onse 12. Gulu laciwiri lili ndi ma-ohm pafupifupi 1.5, ndipo linapangidwa kuti liziyenda ndi kanthu kena kochedwa balasiti, kamene kamacepetsa magetsi asanafike ku koilo. Balasiti nthawi zina ndi kamwala koyera kadothi komangidwa pafupi ndi koilo, monga pa magalimoto ambiri a ku Japan, ndipo nthawi zina ndi waya wapadera wobisika pakati pa mawaya ena. Nzeru yake ndi yabwino. Mukamaliza sitata, batire limatsika mpaka mavoti 9 kapena 10. Pa nthawi imeneyo balasiti amalambalalidwa, koilo imalandira zonse zimene batire lili nazo, ndipo moto umakhala wamphamvu pa nthawi imene ufunika kwambiri, m'mamawa wa June kukuzizira.

Tsono onani cimene cimacitika munthu akasokoneza. Mapointi amapirira magetsi a ma-ampu pafupifupi anai. Mukatenga koilo ya ma-ohm 1.5 n'kuiika pa galimoto yopanda balasiti, ma-ampu amakhala asanu ndi atatu, ndipo kutentha mkati mwa koilo kumaculuka kanai. Tsiku loyamba mwini galimoto amakondwa, cifukwa moto ndi waukali ndipo injini ikulira msanga. Amauza anzake kuti wapeza koilo yamphamvu. Posapita nthawi mapointi apsa, koilo yayamba kutuluka mafuta, ndipo galimoto ikuzima ikangotentha. Mukacita mosemphana, kuika koilo ya ma-ohm atatu pa galimoto ya balasiti, moto umakhala wofooka ndipo injini imadukiza-dukiza pokwera citunda. Ena balasiti akafa anali kungolumikiza waya molunjika, ndipo mapeto ake anali omwewo a mapointi opsa.

Panalinso msampha wina. Magalimoto akale a ku Britain, kuphatikizapo Land Rover za zaka zisanafike 1967, anali kulumikiza mbali ya pozitivi ya batire ku bodi, mosiyana ndi magalimoto ena. Wosintha batire kapena koilo osasamala anali kutembenuza mawaya awiri aang'ono aja. Galimoto imalira ndithu, koma pulagi imafuna mavoti oculukirapo kuti moto ulumphe, ndipo mphamvu ya koilo imaonongeka cabe.

Nanga makoilo ogulitsidwa ngati amphamvu, monga Sports Coil ya Lucas ndi koilo yabuluu ya Bosch imene eni Volkswagen amaikonda? Ndi abwino ndithu, ndipo bokosi likalembedwa mavoti 40,000 si bodza kwenikweni. Koma cimene ogulitsa sanena ndi ici: koilo situlutsa mavoti onse amene ingathe. Mavoti amakwera kufikira pamene moto walumpha pa pulagi, basi. Injini yabwino yokhala ndi mpata wa pulagi wa mamilimita 0.7 kapena 0.8 nthawi zambiri imafuna mavoti apakati pa 8,000 ndi 15,000. Otsalawo ali ngati cimanga ca m'nkhokwe, cothandiza pa njala koma cosakhutitsa munthu amene wadya kale. Ngati injini inali kuyatsa bwino petulo yense, koilo yatsopano siionjezapo ngakhale pang'ono. Ngati koilo yakale inali yofooka, yatsopano imabweza mphamvu imene inatayika, ndipo ndi cifukwa cake anthu ena amalumbira kuti inawathandiza. Sananame, koma koilo wamba yatsopano ikadacitanso comweco.

Phindu lenileni la koilo yamphamvu limaoneka pamene mwakulitsa mpata wa pulagi pang'ono, kapena pa injini ya mpikisano yozungulira mofulumira kwambiri, monga za anthu a rally a mtundu wa Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa Africa kasanu ndi katatu. Koma mukakulitsa mpata, mavoti amakwera, ndipo amayamba kufunafuna njira yacidule: mng'alu wa pa kapu, rota yakale, waya wa pulagi wotha. Mukatsegula boneti usiku mudzaona timoto tabuluu tikuvina pa mawaya. Wogula koilo yamphamvu ayenera kugulanso kapu, rota ndi mawaya, apo ayi wangogula mabvuto.

Ife a mu Lusaka tili ndi cifukwa cinanso coti tisanyengeke. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere. Mpweya kuno ndi wopepuka, conco injini yopanda turbo imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Palibe koilo ingabweze mphamvu imeneyo, cifukwa cosowa ndi mpweya, osati moto. Ndipotu mpweya wopepuka umacititsa kuti moto ulumphe mosabvuta. Mwa kuona kwanga, mwini Peugeot amene anaononga ndalama pa koilo yamphamvu akadapindula koposa akadasintha fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi la m'komboni, kucuna kabyuleta ndi kukonza taimingi.

Mapointi apuma

Kufooka kwenikweni kwa njira ya Kettering sikunali mu koilo koma m'mapointi. Kacidendene kake kamatha, mpata umacepa, taimingi imasuntha, ndipo pa makilomita 10,000 alionse pafunika kucuna kapena kusintha. Injini ikathamanga kwambiri nthawi yotsekeka imacepa, koilo sikhuta, moto umafooka. Ndiponso munthu akaiwala kiyi ili yotsegula injini itazima, mapointi ali otseka, koilo imapsa ili ciimire.

Yankho linabwera ndi transistor. M'malo mwa timilomo togundana anaika kamaginito kapena kadiso ka kuwala kouza kabokosi ka magetsi nthawi yodula. Chrysler ya ku America inayamba kuika njira imeneyi pa magalimoto ake mu 1972, General Motors inatsatira ndi njira yake ya HEI pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo pofika m'ma 1980 makampani a ku Japan ndi ku Ulaya anali atasintha ambiri a magalimoto ao. Popeza transistor imapirira magetsi oculuka, makoilo a njira imeneyi ali ndi ma-ohm ocepa kwambiri, ena osafika ngakhale imodzi. Koilo yotere mukaiika pa mapointi, utsi sucedwa.

Kukonza koona kwa galimoto yakale kunali pamenepa. Makampani monga Lumenition ya ku Britain ndi Pertronix ya ku America anapanga tizipangizo tolowa m'malo mwa mapointi mu distribyuta yakale. Amakanika athu anapezanso njira yao yochipa, kutenga distribyuta yamagetsi pa injini yatsopano ya banja lomwelo, pamodzi ndi koilo yake, n'kuika pa yakale. Injini za Datsun ndi Nissan za mtundu wa A ndi za Toyota za mtundu wa K zinapangidwa kwa zaka zambiri mosasintha kwenikweni, conco zimenezi zinali zotheka. Galimoto siinasanduke ya mpikisano, koma inayamba kulira msanga m'mamawa, taimingi inaleka kusuntha, ndipo petulo analeka kutayika cifukwa ca moto wodukiza. Kwa munthu wodyera tekisi, zimenezo ndi ndalama ya unga.

Kuno kwathu kusinthaku kunafika mocedwa koma mwamphamvu. Boma la MMD litalowa mu 1991 malamulo a ndalama zakunja anamasulidwa, msonkho wa mabasi obwera kucokera kunja unacotsedwa kwa kanthawi, ndipo maminibasi a Toyota Hiace anadzaza miseu ya ku Matero, Chawama ndi Mtendere. UBZ inatsekedwa mu 1995, ndipo fakitale ya ku Livingstone inalephera kupikisana ndi magalimoto ogwiritsidwapo kale nchito a ku Japan obwera kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Ambiri a maminibasiwo anali a dizilo, ndipo injini ya dizilo ilibe koilo kapena pulagi ya moto, cifukwa mafuta ake amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Ma-Corolla a petulo amene anatenga malo a Peugeot anali kale ndi njira yamagetsi. Amakanika okalamba amene anali kucuna injini ndi khutu anapeza kuti anyamata akufunsa za kompyuta yoyezera.

Lero magalimoto ambiri a petulo a mu Lusaka alibe distribyuta n'komwe. Pulagi iliyonse ili ndi kakoilo kake pamutu, ndipo kompyuta ya injini ndiyo imalamula nthawi ya moto. Mwa njira ina tabwerera kwa Ford Model T ndi makoilo ake anai. Koma mkati mwa kakoilo kalikonse mukali mawaya awiri amkuwa a Bambo Callan, ndipo mabvuto akale angosintha maonekedwe. Pulagi yotha imene mpata wake wakula imakakamiza koilo kukweza mavoti mpaka itapsa, ndipo wosintha koilo osasintha pulagi amabwereranso ku sitolo. M'misika mwadzazanso makoilo acinyengo okhala ndi maina a makampani ochuka.

Magalimoto a mapointi sanatheretu. Kaveni ka Nissan 1400 kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, Peugeot 504 inalumikizidwa ku Kenya mpaka 2004, ndipo Land Rover zakale zikali kugwira nchito pa mapulazi ndi pa mamishoni. Wina akakubweretserani imodzi nati muike koilo yamphamvu, yambani mwayeza. Zimitsani injini, cotsani mawaya awiri aang'ono, ikani mita pa ma-ohm ndipo muwerenge. Kenaka bwezani mawaya, tsegulani kiyi mapointi ali otseka, muyeze mavoti pa mbali ya pozitivi ya koilo. Mukapeza pafupifupi 12, galimotoyo ilibe balasiti ndipo ifuna koilo ya ma-ohm atatu. Mukapeza apakati pa 6 ndi 9, balasiti alipo ngakhale simukumuona, ndipo ifuna ya 1.5. Musasiye kiyi yotsegula nthawi yaitali, musagwire waya wonenepa injini ikulira, ndipo musayese moto pafupi ndi kabyuleta yodontha petulo.